Mayi Tayesaninso ndi ulimbo wa tiyi

Bwana mkulu wa kampani yathu, akuluakulu a bodi, akulu a nthambi zonse, alendo athu a ku yunivesite ndi a ku bekale, anzanga a mu labu, a ku fakitale, a pa geti ndi a ku khitchini, ndiponso inu a banja: alamu anga, ana, zidzukulu, ndi achemwali aakulu amene mwakhala kutsogoloku. Ndakulonjerani nonse, mwalandiridwa. Inu mwaima kumbuyoko, mipando ilipo kuno. Musaope kuyandikira, lero mayi sayesa munthu.

Amene simukundidziwa, ine ndine wa mu labu, wa tebulo loyandikana ndi la mayi amene akupuma pa ntchito lerowa. Tinalembedwa ntchito chaka chimodzi, tsitsi lathu lili bii. Taonani lero. Iwo amanditcha achimwene, ine ndimawatcha achemwali, ngakhale sitinabadwe bere limodzi. N'chifukwa chake bambo mwakhala pambali pawowa ndi alamu anga. Ndiye alamu, mangani lamba. Lero ndinena zonse.

Dzina la pa chitupa la mayiwa ambiri pano simulidziwa. Kuyambira pa geti mpaka ku ofesi ya bwana, aliyense amati Mayi Tayesaninso. Umagwira ntchito sabata yonse, thukuta kamukamu, n'kubwera ndi zotsatira zako ukumwetulira. Iwo amatsitsa magalasi pamphuno, kuyang'ana pepala, kuyang'ana iwe, n'kunena mofatsa kuti, "Zili bwino ndithu. Koma tayesaninso." Tsiku lina ndinafunsa alamu kuti kunyumbanso zimatero? Iwo anati, "Alamu, inu mukudandaula chiyani? Ine nditawafunsira banja anandiyankha kuti ndayankhula bwino, koma ndiyesenso mwezi wamawa."

Koma musaganize kuti anabadwa osamala chonchi. Ayi. Ine ndinalipo sabata yawo yoyamba. Mu labu muli makina aja ozunguza mabotolo mwaliwiro. Lamulo lake ndi limodzi: ukaika botolo mbali ino, uikenso lina lolemera mofanana mbali inayo. Achemwali anaika botolo limodzi lokha, n'kutseka, n'kudina batani. Makina anayamba kung'ung'udza. Kenako anayamba kuvina. Kenako, abale, anayamba kuyenda! Anatsetsereka patebulo kulunjika kumene kunali iwo. Achemwali anatuluka pakhomo ngati mphepo, nsapato imodzi n'kutsala mkati. Bwana wathu wa nthawi imeneyo, Mulungu ause mzimu wake, anazimitsa makinawo, n'kutola nsapato ija, n'kuyamba kuyenda nayo m'maofesi akufunsa kuti, "Kodi wasayansi wa phazi ili ndani?"

Ndikuganiza kuti kusamala kwawo kunayambira pomwepo.

Tsopano ndinene za ntchito imene yatisonkhanitsa, chifukwa ana ndi zidzukulu mwina mumangoona agogo akuchoka m'mawa ndi chikwama osadziwa kuti amakachita chiyani.

Kampani yathu imapanga tiyi wakuda. Tiyi wabwino akapakidwa m'mabokosi, pamatsala fumbi, timitengo ndi masamba osweka. Kale zonsezi tinkazitaya kuseri kwa mpanda. Panali phiri. Mvula ikagwa, fungo lake linkafika mpaka ku kantini. Tsiku lina tikudutsa pamenepo, achemwali anaima n'kunena kuti, "Achimwene, kodi tikudziwa chimene tikutayachi?" Ine ndinati, "Zinyalala." Iwo anati, "Mwayesa?"

Mu tsamba la tiyi muli zinthu zimene ophunzira amati mapolisakaraidi. Musavutike kulitchula, nafenso linatiluma lilime chaka chathunthu. Ndi timashuga tating'onoting'ono tolumikizana ngati unyolo wautali. Sitotsekemera ayi, ndipo thupi silitigaya msanga ngati shuga wa mu kapu. Kuti utitulutse, umawiritsa masamba aja nthawi yaitali, kusefa, kenako kuthira mowa wa mu labu, uja woyera ngati madzi, wosamwa. Ukatero pansi pa botolo pamadikha chinthu chonanda, chomata m'zala. Ukachiumitsa chimasanduka ufa wofiirira. Anzathu a ku fakitale atalephera dzina lija anangoti ulimbo wa tiyi. Mpaka lero ndi mmene timautchulira.

Nkhani ya mowayo ndisaidumphe. Mukudziwa kuti mayiwa ndi a kwaya kutchalitchi, ndipo chibadwire mowa sanaulawepo. Tsiku lina botolo linawatayikira pa siketi nthawi yoweruka. Anangopukuta n'kuthamangira ku kwaya. Akuti tsiku limenelo mzere wawo munali malo ambiri, aliyense anasendera kutali. Atafika kunyumba, apongozi awo, amayi ake a alamuwa, anangonunkhiza kamodzi. Anaitanira mwana wawo kuseri n'kumunong'oneza kuti, "Mwananga, usandibisire. Mkazi wakoyu wayamba liti?"

Alamu, ndikunama? Taonani akugwedeza mutu.

Zaka zinapita tikuwiritsa, tikusefa, tikuumitsa. Buledi woyamba amene tinaikamo ulimbo anatuluka wakuda ndi wolimba moti a pa geti anapempha kuti aziimikira chitseko. Koma pang'onopang'ono muyeso unapezeka. Buledi anayamba kutuluka wofewa, wosauma msanga. Yogati ankagwirana bwino. Ndipo tinaona chinthu china chimene chinatiimitsa mitima. M'mabotolo athu, ulimbo uja unkachedwetsa kusanduka shuga kwa chakudya cha ufa. Titaupatsa makoswe a mu labu, shuga wa m'magazi awo ankakwera pang'onopang'ono akadya, osati modumpha.

Mvetsani bwino. M'mabotolo ndi mwa makoswe. Achemwali ankabwereza mawu amenewa ngati pemphero. Koma nkhani ikatuluka pakhomo la labu simungaigwirenso. Pofika ku kantini inali yakuti tapeza mankhwala a shuga. Pofika kumsika inali yakuti tachiritsa kale anthu.

Nthawi imeneyo kampani sinali pabwino. Achinyamata simukudziwa, koma akuluakulu mukukumbukira. Tinauzidwa poyera kuti labu ikapanda kutulutsa chinthu chogulitsika, itsekedwa, ndipo tonse a mmenemo tizipita kwathu. Ndiye mkulu wa zamalonda, uyo wakhala apoyo akubisa nkhope ndi pulogalamu, anabwera kumsonkhano ndi chikwangwani chokongola. Panali buledi, panali agogo akumwetulira, ndi mawu akuluakulu: "Idyani buledi uyu, tsanzikanani ndi matenda a shuga." Chipinda chonse chinawomba m'manja. Tinaona ntchito zathu zikuuka kwa akufa. Munthu mmodzi yekha anapinda manja.

Chimene chinachitika sabata yomweyo ndapempha chilolezo kwa achemwali aakulu, akulu awo a mayiwa, kuti ndinene, ndipo andilola. Mayi aakuluwa akhala ndi matenda a shuga zaka zambiri. Masana ena a pa geti anaimba foni kuti kuli mlendo. Ine ndinaperekeza achemwali. Tinapeza mayi aakuluwa atakhala pa benchi, milomo itauma gwa, m'manja muli kachitini kopanda kanthu.

Anati, "Mng'ono wanga, anthu akuti wapanga ufa wochiza shuga. Ukuchiritsa anthu akunja, ine mkulu wako ndikuvutika? Ndithirireko muno. Mapilisi aja ndatopa nawo, ndinawasiya."

Achemwali anafunsa kuti, "Mwawasiya liti?"

"Chimvereni nkhaniyi."

Achemwali sanakalipe. Anagwada pansi, pa simenti ya pa geti, yunifolomu yoyera ili m'thupi, n'kugwira manja a mkulu wawo. Anati, "Achemwali, ufa uja ndi chakudya. Si mankhwala. Ndikanakhala ndi mankhwala ochiza inu, mukanamva kwa anthu a kumsika? Ndikanabwera nawo ndekha, wapansi." Mayi aakuluwa tinawakweza galimoto kupita kuchipatala. Adokotala atayeza magazi anawagoneka pomwepo, ndipo anatiuza kuti tikanachedwa nkhani ikanakhala ina.

M'mawa mwake kunali msonkhano wovomereza chikwangwani chija. Achemwali analowa ndi kachitini kaja n'kukaika pakati pa tebulo. Bwana anafunsa kuti n'chiyani. Iwo anafotokoza zonse, kenako anati, "Bwana, chikwangwanichi sichinatuluke n'komwe, koma mkulu wanga ali pa bedi kuchipatala. Chikadzakhomedwa m'misewu, adzasiye mapilisi ndi angati? Ine dzina langa sindiikapo."

Mkulu wa zamalonda anati, "Koma mayi, makoswe aja anasonyeza."

Iwo anati, "Ndiye kagulitseni kwa makoswe."

Sekani, inde, koma tsiku limenelo palibe anaseka. Ndipo ndimulemekeze mkulu wa zamalondayu pamaso panu. Anaimirira, anapinda chikwangwani chake yekha, n'kunena kuti, "Nanenso bambo anga amamwa mapilisi omwewo." Nkhani ya chikwangwani inathera pomwepo.

Tinagwirizana kuti ulimbo ugulitsidwe monga chimene uli: chinthu chothira m'zakudya. A ku bekale anavomera. Tsiku lokhazikitsa malonda linasankhidwa, alendo anaitanidwa. Mayeso onse anali atadutsa. Makoswe anadya ulimbo miyezi yambiri, ziwindi ndi impso zawo zili bwinobwino. Tizilombo toyambitsa matenda munalibe. Mankhwala opopera m'munda munalibe. Tinayamba kusita masuti.

Ndiye achemwali anatsitsa magalasi pamphuno.

Anati, "Achimwene, zonse tinayesazi ndi za m'mapoto athu a mu labu. Ufa umene ukupita ku bekale waphikidwa mu thanki yaikulu ya ku fakitale. Umenewo tauyesa?" Ndinati, "Masamba ndi omwewo, madzi ndi omwewo." Mukudziwa chimene anayankha. Nenani nonse. Eya, chomwecho!

Tinayesa. Munapezeka mtovu.

Kwa inu a banja, mtovu ndi chitsulo china chimene chikalowa m'thupi sichituluka msanga. Chimaunjikana, ndipo chimawononga kwambiri ana, makamaka ubongo. Sunali wochuluka. Unangopitirira pang'ono muyeso umene malamulo amalola. Tinayesanso, tinatumiza ku labu ina, yankho linali lomwelo.

Apa ndi pamene panaoneka mtima wa munthu. Panabwera maganizo, ndipo sinditchula mwini wake chifukwa anachoka kalekale, akuti tisakanize ufa umenewu ndi wina woyera kuti nambala itsike, pepala lioneke bwino. Achemwali anati, "Nambala itsika, inde. Nanga mtovuwo upita kuti? Buledi amadya ndani m'mawa popita kusukulu?" Anakana kusaina. Popanda siginecha yawo, thumba ngakhale limodzi silikanatuluka pa geti.

Mwambo unalephereka. A ku bekale anakwiya n'kutisiya. Makalata ochenjeza kuti labu itsekedwa anatuluka. Ndipo ndinene zoona, abale, miyezi imeneyo inali yowawa. Anthu anali ndi ana kusukulu, anali ndi lendi. Achemwali akalowa mu kantini, nkhani zinkaduka. Tebulo limene akhala linkatsala lopanda anthu. Wina analemba pa chitseko cha labu ndi choko kuti "Wotimaliza." Iwo anawerenga, anatenga kansalu, anafufuta, n'kulowa kukavala yunifolomu. Alamu anandiuza pambuyo pake kuti kunyumba ankangokhala pakhonde, chakudya n'kuzizira. Koma kuntchito kuno sitinaone msozi ngakhale umodzi.

Anayamba kusaka kumene mtovu ukuchokera. Masamba, oyera. Madzi, oyera. Mowa uja, woyera. Anati, "Ndiye watsala ndi mphika." Anapita kwa makaniko wamkulu wa ku fakitale, uyo ali pafupi ndi zenerayo, n'kupempha ovolosi. Makaniko anati, "Mayi, mu thanki simulowa munthu wa msinkhu wanu." Iwo anati, "Gwirani makwerero." Taganizani, mayi wa zidzukulu, ovolosi yaikulu yopinda miyendo, tochi kukamwa, akutsikira mu thanki. Ife tili pamwamba tikungomva mawu akuchokera pansi ngati a m'chitsime: "Achimwene, nditsitsireni botolo lina!" Anapala paliponse, iwo ndi makaniko, mpaka anafika pa mapaipi akale a pansi. Molumikizira mwake anamata kalekale ndi chitsulo chokhala ndi mtovu. Tiyi wotentha akamadutsa ankanyambita pang'onopang'ono.

Atatuluka mu thanki muja, nkhope yonse dzimbiri, anaseka koyamba pa miyezi yonse ija. Anati, "Tiyi alibe mlandu!"

Mapaipi anasinthidwa. Ufa wonse wakale unawonongedwa iwo ataimirira pomwepo. Bodi inatipatsa mwayi womaliza, ndipo pa chimenecho akuluakulu tikukuthokozani mpaka lero. Tinayambiranso pachiyambi. Mayeso onse, mwatsopano.

Kenako inafika nthawi yoyesa pa anthu odzipereka, madokotala a ku yunivesite akuyang'anira. Funso linali lakuti munthu angadye wochuluka bwanji popanda vuto. Ine ndinadzipereka, mkulu wa zamalonda nayenso. Mwatsoka tonse awiri tinagwera m'gulu la muyeso waukulu. Abale, sitinadwale ayi. Koma m'mimba munali msonkhano wa achule. Tsiku lina bwana akuyankhula nkhani yofunika, m'mimba mwa mnzangayu munayankha, mwanga n'kuvomereza. Bwana anaima n'kufunsa kuti, "Pali amene ali ndi funso?" Achemwali, m'malo motimvera chisoni, anangoti, "Zikomo achimwene, malire tawapeza." Ndiye mukaona pa paketi palembedwa muyeso woyenera, dziwani kuti pali mimba ziwiri zimene zinavutikira mzere umenewo.

Tsiku lalikulu linafika lokaonekera ku komiti yoona za chitetezo cha zakudya. Tinalowa m'chipinda chachitali, akatswiri atandandalika kutsogolo, nkhope zosaseka. Anatipanikiza m'mawa wonse. Achemwali sanabise kanthu. Nkhani ya mtovu anaiyamba okha asanafunsidwe. Ine ndinawaponda phazi pansi pa tebulo, iwo anangosuntha phazilo n'kupitiriza. Ananena chimene ulimbo umachita mu buledi ndi mu yogati. Ananena chimene tinaona m'mabotolo ndi mwa makoswe, n'kuwonjeza kuti za anthu odwala sitinganene kanthu kufikira madokotala atafufuza mokwanira.

Pamapeto pulofesa wina wachikulire anavula magalasi n'kufunsa kuti, "Mayi, mapepala tawaona. Ine ndili ndi funso limodzi. Mdzukulu wanu mungampatse buledi ameneyu?"

Achemwali anati, "Mukanandifunsa chaka chatha, ndikanamulanda m'manja. Lero ndingamudulire ndekha, n'kupakapo majarini."

Pulofesa uja anatseka faelo yake. Anati, "Ndakhala pa mpando uno zaka zambiri. Anthu amabwera kudzatiuza zimene katundu wawo amachita. Inu mwabwera kudzatiuzanso zimene sachita." Chilolezo chinatuluka.

Uthenga utafika kuno, a ku fakitale analiza belu la nthawi yoweruka dzuwa lili pamutu. Anthu anatuluka m'maofesi. Amayi a ku khitchini analulutira mpaka mawu kusasa. Galimoto yathu italowa pa geti, anthu omwe aja ankathawa tebulo lawo anali oyamba kutsegula chitseko. Ena analira. Wina anabwera n'kunena kuti, "Mayi, choko chija ndinali ine." Iwo anati, "Ndinadziwa, zilembo zanu ndimazidziwa. Bwerani mundithandize kunyamula mabokosi."

Lero taonani. Labu imene inkatsekedwa ija ili ndi nyumba yakeyake ndi achinyamata odzaza. Phiri la kuseri kwa mpanda kulibe, pamenepo pali malo oimika magalimoto. A ku bekale anabwerera okha, ndipo ndi awo akhala apowo. Ophunzira a ku yunivesite amabwera kudzaphunzira kwa ife. Pa paketi yathu palibe bodza ngakhale limodzi. Ndipo achemwali aakulu ndi awa, ali gwa, amamwa mapilisi awo, ndipo andiuza kuti nyimbo ikayamba avina.

Achemwali, tsopano ndiyankhule ndi inu. Zikomo. Zikomo chifukwa munakana pamene tonse tinkafuna kuti muvomere. Munapulumutsa ntchito zathu pokana kuzipulumutsa mwachinyengo. Kunja kuno kuli ana ambirimbiri amene amadya buledi m'mawa, sadzakudziwani, sadzakuthokozani, koma ali bwino chifukwa cha inu. Achinyamata a mu labu mwawaphunzitsa kuti pepala limene ukusaina lili ndi munthu kumapeto kwake. Ine pandekha mwandipirira zaka zonsezi, ndi phokoso langa, ndi nyimbo zanga zosatha bwino. Lolemba ndikadzatembenuka kuti ndikuuzeni nkhani, n'kupeza mpando uli wokha, sindikudziwa kuti ndidzatani. Ndisapitirire apa, mungaone bambo wamkulu akulira.

Inu ana, zikomo potibwereka amayi anu. Masiku ambiri amene munkawafuna, anali ndi ife. Lero tikukubwezerani, ali athunthu.

Alamu, kwa inu ndili ndi pempho limodzi. Mayiwa akhala akuwiritsa tiyi moyo wawo wonse, mapoto ndi mathanki. Koma ine amene ndakhala nawo pafupi ndikuchitira umboni: sindinawaonepo akumaliza kapu ya tiyi ali wotentha. Amathira, kumwa kamodzi, wina n'kuitana, makina n'kulira, pobwerera tiyi wazizira. Ndiye kuyambira mawa, inu muzidzuka, muziwiritsa madzi, muziwakhazika pakhonde. Foni ikalira kuchokera kuno, muziti akumwa tiyi. Ngakhale ndikhale ine, muzindidula. Amwe mpaka aone pansi pa kapu.

Achemwali, pitani mukapume. Mugone mpaka dzuwa likuwombeni. Mwagwira ntchito, ndipo mwaimaliza bwino.

Tsopano nonse, kuyambira bwana mkulu mpaka kamdzukulu kali pamiyendo apo, tiyeni tiimirire. Amayi a ku khitchini, nthungululu zija zibwerenso. Manja, abale, manja! Amveke mpaka ku fakitale!